Sipika ikamagwira wailesi yokha, musathamangire kugula ina

Pamsika masiku ano sipika ndi wantchito. Wometa tsitsi, woika nyimbo m'mafoni, woonetsa kanema, wa kaunjika amene anajambula mawu ake oitanira makasitomala, onsewa amadalira kabokosi kolumikiza ku kompyuta kapena ku foni. Koma pali vuto limene limazunguza ambiri. Nyimbo ikangotha, kapena mukatsitsa voliyumu, m'sipika mumamveka munthu akuwerenga mauthenga a maliro kapena akulalikira chapansipansi, chonsecho inu simunatsegule wailesi iliyonse. Kwa ena zimachitika madzulo okha, ndipo wolankhulayo amalankhula chilankhulo chachilendo. Ena amamva sipika ikuti ti-ti-ti-trrr, kenaka foni ya mnzawo wa benchi loyandikana n'kuitana.

Apa palibe zamatsenga, ngakhale pamsika sipalephera wina wonena kuti akuchitani chipongwe ndi amene mukupikisana nawo malonda. Ndipo sipika yotere nthawi zambiri siinafe. Izi n'zofunika kuzidziwa chifukwa katundu wamagetsi timachita kuitanitsa kunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo yake siinabwererenso pansi. Mukatapa pa mpamba n'kukagula sipika ina, n'kudzailumikiza ndi nthambo yomweyo pa benchi lomwelo, n'kutheka ndithu kuti mlaliki uja mudzamupeza ali momwemo.

Chimene chimachitika ndi ichi. Mumlengalenga mwadzaza mafunde a mawailesi, a mafoni ndi a wailesi zakanema, usana ndi usiku. Waya aliyense amene mafundewo amuwomba amatola kamphamvu kochepa ka magetsi. Ndi mmene mlongoti wa wailesi umagwirira ntchito, ndipo nthambo yochoka ku kompyuta kupita ku sipika siisiyana kwenikweni ndi mlongoti. Mawailesi a FM amaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, ndipo mlongoti umene umagwira bwino mafunde amenewo ndi wotalika pafupifupi masentimita 75. Tayezani kamlongoti ka wailesi yanu ya kunyumba mutakatambasula konse, kenaka muyeze nthambo ya sipika. Muona kuti mwakhala mukulumikiza mlongoti ku sipika osadziwa.

Kutola mafunde pakokha sikungamveke m'khutu. Chimene chimawasandutsa mawu ndi ampulifaya imene ili m'kati mwa sipika, ija imachititsa kuti sipika ya pa kompyuta izifuna magetsi akeake. Ntchito ya ampulifaya ndi kukuza kamawu kakang'ono kochokera ku kompyuta. Mafunde a wailesi akalowa ndi mphamvu, tizipangizo ta m'katimo timawasefa mosafuna: funde lonyamulira limatayika, mawu amene linanyamula amatsala, ndipo ampulifaya imawakuza limodzi ndi nyimbo zanu popeza siidziwa kusiyanitsa. Mawailesi a AM ndi a shortwave ndiwo amalowa mosavuta mwa njira imeneyi. A FM amalowa makamaka mukakhala pafupi ndi nsanja youlutsira mawu, monga amalonda a ku Limbe amene ali m'munsi mwa phiri la Mpingwe, kapena a pa Dedza boma amene nsanja amangoziona pamwamba pa phiri.

Zachilankhulo chachilendo madzulo zija nazo zili ndi chifukwa chake. Masana mpweya wa m'mwamba umene dzuwa lauwomba umameza mafunde ambiri a AM. Dzuwa likalowa mafundewo amanjanja m'mwambamo n'kukagwera makilomita mazanamazana kutali, ndiye sipika imene inali chete tsiku lonse imayamba kulankhula nthawi yoweruka.

Kukadandaula ku wailesi imene ikumvekayo kapena ku MACRA sikungakuthandizeni kwenikweni. Wailesi ikamaulutsa pamalo amene inapatsidwa chilolezo siinalakwe. Sipika ndiyo siiyenera kumva zimenezo, ndipo makampani osamala amaikamo tizipangizo totchinga mafundewo. Opanga masipika otchipa amatisiya dala kuti mtengo utsike.

Tsono musanawononge ngakhale tambala, pezani khomo limene wailesi ikulowera. Makomo ake akuluakulu ndi atatu: nthambo yobweretsa nyimbo, waya wopita ku sipika yachiwiri kapena ku timasipika ting'onoting'ono ta sabuwufa, ndi nthambo ya magetsi. Koma yambani mwaona kaye chinthu chimene chingakuchititseni manyazi kwa mmisiri. Masabuwufa ambiri a masiku ano ali ndi wailesi ya FM m'kati mwake, ndipo mwana akangodina batani losinthira imakhala pa FM m'malo mwa AUX.

Ngati si zimenezo, imitsani nyimbo, dikirani kuti wailesi imveke, ndipo tsitsani voliyumu ya pa sipika mpaka pansi. Wailesi ikatsika nayo n'kuzimirira, ndiye kuti ikulowa mawu asanafike pa voliyumu, kutanthauza nthambo ya nyimbo kapena kompyuta imene. Ikapitiriza kulankhula pa mlingo womwewo ngati kuti simunakhudze kalikonse, kaikirani waya wa sipika yachiwiri kapena nthambo ya magetsi. Kuyesa kumeneku n'kwa mphindi imodzi, koma ndi kumene kumakuuzani pokaika ndalama.

Kenaka zulani nthambo ya nyimbo. Apa ambiri amasokonezeka, chifukwa amazula ku kompyuta n'kuisiya ikulendewera ku sipika. Mukatero phokoso limakula, popeza nthambo yolendewera ndiyo mlongoti weniweni tsopano, ndipo munthu amaganiza kuti sipika yatheratu. Zulani kumbuyo kwa sipika, ngati ili yotheka kuzula. Kukakhala zii, wolakwa ndi nthambo. Wailesi ikamamvekabe, zulani mawaya a timasipika tating'ono, m'modzim'modzi, mukumvetsera. Ikamamvekabe ngakhale pamenepo, yatsala nthambo ya magetsi kapena ampulifaya yeniyeniyo.

Nthambo ya nyimbo ndiyo imapezeka yolakwa kawirikawiri, ndipo mwayi wake ndi wakuti njira zambiri zoikonzera n'zaulere. Yoyamba ndi kakwezedwe ka voliyumu. Amalonda ambiri amatsitsa voliyumu ya pa kompyuta kapena pa foni n'kukweza ya pa sipika mpaka kumapeto. Zikatere ampulifaya imakuza kwambiri chilichonse chimene chabwera, wailesi ndi phokoso lomwe. Tembenuzani: ya pa kompyuta ikhale pamwamba, cha m'ma 80 kapena 90, ndipo ya pa sipika itsike kufika pamene nyimbo zikumveka mokwanira. Nyimbo zimveka chimodzimodzi koma mlendo uja achepa mphamvu, mwina mpaka kusamvekanso.

Yachiwiri ndi kutalika kwa nthambo. Ngati kompyuta ili kuseri kwa kauntala ndipo sipika mwaipachika pakhomo kuti ikope odutsa, mwina mwalumikiza nthambo ziwiri kapena zitatu kuti zifike. Mfundo iliyonse ndi polowera phokoso, makamaka zija zopota ndi manja n'kukulunga ndi pulasitiki ya shuga. Sunthani kompyuta kapena sipika kuti nthambo imodzi yaifupi ikwane. Ikakhala yotalika kuposa pofunika, musaitambasule m'mbali mwa denga la malata. Ipindeni mobwerezabwereza n'kuimanga pakati. Isayendenso limodzi ndi nthambo ya magetsi ngati mapasa. Pamene ziyenera kukumana, zidutsane mopingasa. Nthawi zina kungosintha kumene nthambo yaloza, kapena kusuntha sipika ndi mita imodzi, kumathetsa nkhani yonse.

Onaninso kapini kolowetsa m'kompyuta. Fumbi la pamsika ndi chinyezi cha nthawi ya dzinja zimachititsa kuti kachite dzimbiri, ndipo polumikizira pa dzimbiri paokha pamatha kusefa mafunde a wailesi ngati mmene ampulifaya imachitira. Kapukuteni ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti, kalowetseni ndi kukatulutsa kangapo, ndipo kakhale kothina. Amene muli ndi kompyuta ya bokosi, lowetsani kumbuyo osati kutsogolo, chifukwa kabowo ka kutsogolo kamalumikizidwa ndi kawaya kena kodutsa m'kati mwa bokosi kamene nako kamatola phokoso.

Ndipo ngati sipika yanu ili ndi polowetsa fulashi kapena memole kadi, kapena ili ndi Bluetooth, bwanji osangochotsa nthamboyo? Wa kaunjika amene amangobwereza uthenga umodzi tsiku lonse safunika kompyuta. Aike uthengawo pa kadi, azule nthambo ya AUX n'kuisunga m'thumba. Mlongoti ukachoka, khomo lalikulu latsekeka.

Kwa amene nthambo ndi yosapeweka, monga oika nyimbo m'mafoni amene kasitomala amafuna amve kaye asanalipire, gulani nthambo yotchinga. Nthambo yabwino imakhala ndi timawaya tonyamula mawu pakati, ndipo kunja kwake kumakutidwa ndi ulusi wa kopa wolukana kapena wozungulira, umene umagwira mafunde n'kuwataya asanafike pakati. Zotchipa zambiri m'kati mwake mumangokhala timawaya titatu topyapyala ngati tsitsi, topanda chotchinga chilichonse. Kunenepa kwa nthambo kusakunamizeni, pakuti pulasitiki ndi yotchipa kuposa kopa ndipo opanga ena amangonenepetsa chikopa. Kapini kooneka ngati golide nakonso sikatchinga wailesi. Wogula imodzi afunse mmisiri wokonza mawailesi amene amazisenda tsiku ndi tsiku. Wooda zambiri kuti akagulitse, langizo langa ndi lakuti agule imodzi kaye, aidule pomwepo n'kuona m'kati. Kuluza nthambo imodzi n'kwabwino kusiyana ndi kusenza katoni ya katundu amene adzakudanitseni ndi makasitomala.

Pali kachipangizo kena kamene ambiri takhala tikukaona osadziwa ntchito yake. Pa nthambo ya tchaja ya laputopu, ya pulinta kapena ya sikirini ya kompyuta yakale pamakhala kachotupa kooneka ngati kambiya, pafupi ndi kumapeto. M'kati mwake muli kamphete kakuda kotchedwa ferrite. Kamalola mawu ndi magetsi kudutsa bwinobwino koma kamatsamwitsa mafunde a wailesi amene akuyenda pa nthambo. Tilipo tina totsekula ngati chipolopolo cha mtedza, tongomanikiza pa nthambo osadula kanthu, ndipo ogulitsa zipangizo za makompyuta ena amakhala nato. Mukasowa, pitani kwa okonza mawailesi ndi ma TV, kaya ku Malangalanga ku Lilongwe, mu msika wa Limbe kapena ku Mataifa ku Mzuzu. Pa mulu wa zakufa umene amasunga pansi pa tebulo sipalephera ferrite.

Kaikidwe kake ndiko kofunika. Kamphete kakhale pafupi penipeni ndi sipika imene ili ndi ampulifaya, osati pakati pa nthambo kapena ku kompyuta, chifukwa chidutswa chotsala pakati pa kamphete ndi sipika chimakhalabe mlongoti. Ngati bowo lake ndi lalikulu, pisani nthambo kangapo. Kupisa kawiri kumatchinga pafupifupi kanayi kuposa kupisa kamodzi, katatu pafupifupi kasanu n'kanayi. Pa FM ndi mafoni, kawiri kapena katatu n'kokwanira. Pa AM ndi shortwave pamafunika mizere yambiri, ndiye pamafunika mphete yaikulu. Njira ina ndi kutenga kandodo kakuda kaja kamakhala m'kati mwa wailesi yakale, kamene nakonso ndi ferrite, n'kukulungiza nthambo mothithikana maulendo 10 kapena 15, n'kumanga ndi tepi. Sikaoneka bwino pa kauntala, koma kamagwira ntchito. Ngati kuyesa kuja kunaloza waya wa sipika yachiwiri kapena nthambo ya magetsi, ferrite ipite kumeneko, pafupi ndi bokosi la ampulifaya momwemo.

Phokoso la ti-ti-ti-trrr ndi nkhani ya mafoni, ndipo likuvuta kwambiri masiku ano pamene pafupifupi benchi lililonse lili ndi wa Airtel Money kapena Mpamba pambali. Foni ikakhala pa netiweki ya 2G siitumiza mafunde mosalekeza. Imawatumiza modukizadukiza, maulendo pafupifupi 217 pa sekondi imodzi, ndipo kudukiza kumeneko ndiko kumamveka m'sipika. Kumayamba foni isanaitane chifukwa imakhala ikuyankhana kale ndi nsanja. Mafunde a 900 MHz amene 2G imagwiritsa ntchito ndi aafupi, moti kawaya ka masentimita 8 okha kamawagwira bwino, n'chifukwa chake amalowa ngakhale m'timawaya ta m'kati mwa bokosi la sipika. Kumene netiweki ili yofooka foni imakankha ndi mphamvu zambiri, ndipo phokoso limakula.

Mankhwala ake ndi mtunda. Foni ichoke pamwamba pa sipika ndi pa nthambo zake, ikhale kutali ndi mita imodzi kapena iwiri. Timafoni ta mabatani timene ma ejenti amakonda ndito timasokosa kwambiri popeza tambiri timangodziwa 2G. Foni yamakono ikakhala pa 3G kapena 4G siisokosa motero. Amene mumatchajitsa anthu mafoni, musaunjike mafoni 20 pa shelefu imene pali sabuwufa. Ndi mmene malo ambiri otchajira akhalira, kenaka mwini wake n'kumatukwana amene anamugulitsa sipika.

Musasokoneze wailesi ndi kung'ung'uza kuja kwa hmmm kosasintha. Kumeneko n'kwa magetsi. Magetsi a ESCOM amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, ndipo akapeza njira yolowera mu nthambo ya nyimbo amamveka ngati njuchi yaikulu. Kuyesa kwake n'kosavuta kwa amene ali ndi laputopu: zulani tchaja kuti iyendere batire. Phokoso likatha, vuto ndi tchaja kapena mmene mwalumikizira magetsi. Kompyuta ndi sipika zidyere pa ekisitenshoni imodzi, osati ina pa soketi yanu, ina pa waya wochokera kwa aneba. Likakanika, ogulitsa zoimbira za m'galimoto amakhala ndi kabokosi kotchedwa ground loop isolator koika pa nthambo ya nyimbo. Kamathetsa kung'ung'uza, koma musakagulire wailesi, si ntchito yake.

Wina akakuuzani kuti muthyole mwendo wautali wa pulagi, uja wachitatu, kuti phokoso lithe, mukaneni. Phokoso likhoza kuthadi, koma mwendo umenewo ndi umene umataya magetsi pansi waya akakhudza bokosi la chitsulo. Pa shopu ya malata, nthawi ya mvula, ana akugwiragwira, imeneyo ndi ngozi yoika dala.

Matchaja otchipa, mababu ena a LED ndi ma inveta a sola otsika mtengo nawonso amatulutsa phokoso lawo, lokhala ngati kulira kwa nkhululu kapena kukazinga. Zimitsani chimodzichimodzi mpaka mupeze mwini phokoso, kenaka mumutalikitse ndi sipika. Timasipika todyera magetsi pa USB ya kompyuta timatha kulira mukamasuntha mausi; tipatseni magetsi a pa power bank kapena pa tchaja ina yabwino, tikhala chete.

Zonsezi zikalephera m'pamene mupite kwa mmisiri, ndipo mupite mukudziwa chimene mukufuna, kuopa kulipira ampulifaya yatsopano pa vuto la kachipangizo kamodzi. Muuzeni kuti sipika ikugwira wailesi ngakhale nthambo zonse zili zabwino, ndipo awotcherere capacitor yaing'ono pamene mawu amalowera pa bolodi, kuchoka pa waya wa mawu kupita ku ground, mbali zonse ziwiri, kumanzere ndi kumanja. Yoyenera ndi yolembedwa 102 kapena 471, miyendo yake ikhale yaifupi, ndipo imagwira bwino ikatsogoleredwa ndi resistor ya 1k. Ziwirizi zimalola mawu onse amene khutu la munthu limamva, amene sapitirira 20 kHz, koma zimafooketsa mafunde a wailesi amene ali pamwamba kwambiri. Chenjerani ndi yolembedwa 104. Imapezeka paliponse ndipo mmisiri wothamanga akhoza kungotola yomweyo, koma ndi yaikulu maulendo 100 kuposa 102, ndipo nyimbo zidzamveka ngati woimba wafunda bulangete. Inu eni musatsegule sabuwufa yolumikiza ku magetsi a ESCOM. M'kati muli 230 volts, ndipo zipangizo zina zimasunga mphamvu ngakhale mutazula pulagi.

Kwa inu ogulitsa masipika, nkhaniyi ikukhudza thumba lanu mwachindunji. Kasitomala akabweza sipika ati ikulankhula yokha, mukaiyesa pa benchi lanu n'kupeza ili bwinobwino, musafulumire kumutcha wabodza. Kwanu ndi kwake mafunde ndi osiyana, nthambo ndi zosiyana. Kumuloza chikwangwani chakuti katundu akagulidwa sabwezedwa si yankho, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission lakhala likuchenjeza amalonda za zikwangwani zoterozo. Mufunseni amakhala kuti, nthambo yake ndi yaitali bwanji, foni amaika pati, ndipo phokoso limabwera nthawi yanji. Mayankho a mafunso amenewo akuuzani ngati akufunika sipika ina kapena nthambo chabe.

Pokaoda, yesani katundu mwa njira imene mafundewo angaonekere. Ambiri timayesa sipika poikweza mpaka kugwedeza malata, pamene chilema chimenechi chimabisala m'phokoso. Lumikizani nthambo ya AUX ku foni, imitsani nyimbo, kwezani voliyumu ya pa sipika, ikani khutu pafupi. Kenaka tengani kafoni ka mabatani, kaikeni pambali pa bokosi n'kuimba nambala iliyonse. Sipika zonse zotchipa zilirako pang'ono, koma mukayerekeza mitundu iwiri kapena itatu mumva kusiyana kwake, ndipo ina imakhala chete foni ikangosuntha ndi chikhatho chimodzi pamene ina imalirabe foni ili kutali ndi mita. Yachiwiriyo musatenge yambiri ngati makasitomala anu ndi a ma shopu otchajira mafoni ndi ma ejenti.

Pa sipika iliyonse imene mwagulitsa, muuzeni wogula za nthambo yotchinga yaifupi ndi kamphete ka ferrite, ndipo zikhalepo pa benchi kuti agule pomwepo. Ndi katundu wopepuka, wosaola, wosadya malo. Timphete tochotsa pa nthambo zakufa za matchaja mukhoza kutipeza kwa amisiri pa mtengo wongogwirizana, ndipo mukang'amba pulasitiki yake ndi mpeni mosamala timatuluka tathunthu. Sankhani ta bowo lalikulu loti kapini ka AUX kadutse kawiri, chifukwa tambiri ta pa matchaja bowo lake ndi lothina ndipo timafuna kudula nthambo n'kuwotchereranso kapini.